Kukonzanso chipinda cha makompyuta pasukulu: poyambira

Mwafunsa poyambira pokonzanso chipinda cha makompyuta pasukulu panu ku Ndirande. Musanagwire kanthu, pezani chilolezo cha ahedi ndi komiti ya sukulu, wamagetsi wovomerezedwa ndi MERA (bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta), komanso chipinda chokiyika chosungiramo makina.

1. Tulutsani makompyuta onse, iliyonse muilembe nambala.
2. Matani denga lodontha mvula ya Novembala isanagwe.
3. Ikani mawaya atsopano, osaiwala waya wa earth (waya wachitetezo wopititsa magetsi osochera munthaka). Ambiri amalakwitsa pano: amasomeka makompyuta khumi pa soketi imodzi, ndiye magetsi akabwera mwamphamvu atathima, makina amapsa. Chonde, musaumire ndalama ya UPS (kachipangizo ka batire koteteza kompyuta magetsi akathima kapena akabwera mwamphamvu), ana angakhale teremu yonse osagwira kompyuta.
4. Wotchererani zitsulo m'mawindo, mupachikenso makatani otchinga fumbi.
5. Pakani penti. Ikauma, bwezerani makina, muwayese imodziimodzi.