Imelo ya malemba okhaokha: momwe mungakonzere Gmail ndi Outlook

Imelo ilipo ya mitundu iwiri: ya malemba okhaokha, yomwe pa kompyuta imalembedwa kuti plain text, ndi ya HTML, yokhala ndi zilembo zonenepa, matebulo ndi zithunzi. Kwa alembi a makalabu a alimi a fodya, aphunzitsi ndi ofunsira ntchito kuno ku Kasungu, yoyambayo ndiyo yothandiza. Imatseguka msanga ngakhale netiweki ikuvuta, siimaliza bandulo, ndipo wolandira amaiona monga mmene mwailembera.

Pa Gmail ya pa kompyuta, dinani "Compose", kenako timadontho titatu tili m'munsi mwa bokosi lolembamo, musankhe "Plain text mode". Basi.

Ambiri amalakwitsa pokopera kalata kuchokera mu Word. Mukamata ndi Ctrl+V, kalatayo imabwera ndi zobisika zake zonse, ndiye pa foni ya bwana tebulo la mitengo limapindika, manambala n'kusiyana ndi mayina ake. Matani ndi Ctrl+Shift+V, kuti mawu okha ndiwo alowe. Kumbukiraninso kuti Gmail imadula uthenga wopitirira 102 KB n'kulemba "Message clipped", ndipo chomwe chimabisika ndi cha kumapeto, komwe kuli dzina ndi nambala yanu. Tebulo, CV kapena kalata yodindidwa muisandutse PDF n'kuiphatika ku imelo. Gmail imalola mpaka 25 MB, koma musamupweteke mnzanu wa ku Santhe ndi fayilo yotero.

Pa Outlook yakale ya pa kompyuta (classic Outlook), pitani pa "File", "Options", "Mail", ndipo pa "Compose messages in this format" musankhe "Plain Text". Ya "Rich Text" ithaweni ndithu: wolandira yemwe alibe Outlook amangopeza kafayilo kotchedwa winmail.dat, kosatseguka, ndipo nthawi zina zomwe munaphatikazo zimakhala zatsekeredwa momwemo.

Pa foni, konzani mbali yolandira. Mu Gmail ya Android tsegulani "Settings", musankhe akaunti yanu, mupite pa "Images", mudine "Ask before displaying external images". Zithunzi za otsatsa malonda zisiya kudzitsitsa zokha. Zina mwa izo ndi kadontho kosaoneka ndi maso, kamene kamauza wotumiza kuti mwatsegula uthenga, ndipo akuba a pa intaneti amadziwira pomwepo kuti adiresi yanu ikugwira ntchito.

Musanatumize kalata yofunsira ntchito, dzitumizireni nokha kaye, muitsegule pa foni muone ngati mizere yakhala bwino.