Mukusamukira ku Zomba ndi mwana wofunika chithandizo chapadera? Sukulu kaye, nyumba pambuyo

Ikangofika kalata ya thiransifa kuntchito ambiri timathamangira kusaka nyumba, kufunsa lendi ku Matawale, ku Chinamwali, ku Sadzi, za sukulu ya ana timati tikaonera komweko. Kwa ana enawa zimatheka ndithu, koma ngati muli ndi mwana wosamva, wosaona bwino, woyendera wilutcheya kapena uja amachedwa kugwira zinthu mkalasi, yambani mwapeza sukulu, nyumbayo muisake pafupi ndi sukuluyo.

Nkhani ndi yoti si sukulu iliyonse ili ndi risosi senta (chipinda chothandizira ana oterewa) kapena mphunzitsi wa special needs, aja anakaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Alipo ochepa. Ndiye musadalire za m'minibasi, pitani ku ofesi ya maphunziro, paja Zomba ili ndi mbali ya m'tauni ndi ya kumidzi, kapena kwa a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale, ku ofesi yawo (TDC) ya zoni yomwe mukufuna kukhala, muwauze vuto la mwana mosabisa, akuuzani komwe kuli mphunzitsi wodziwa Braille kapena chinenero cha manja.

Akakutchulirani sukulu musangothera mu ofesi ya ahedi. Pitani tsiku lophunzira, mwanayo mumutenge. Suzumirani mkalasi muone kuchuluka kwa ana, mufunse ngati angamakhale kutsogolo, ndipo chimene ambiri amaiwala, kaoneni chimbudzi. Khomo lake wilutcheya ingalowe? Pali masitepe? Mwana amatha kudana ndi sukulu chifukwa cha chimbudzi basi, osati masamu. Kenako yendani wapansi njira yochokera komwe mukufuna kuchita lendi, Zomba ndi wa zitunda abale, kanjira kooneka bwinobwino mu Okutobala kamasanduka matope okhaokha mu Januwale, ndiye ngati mpaka kuoloka Likangala kapena kulipira kabaza m'mawa ndi masana tsiku lililonse, lendi yotchipa ija yadula.

Za pulayiveti ndinenepo pang'ono. Penti wowala ndi yunifolomu yokongola sizitanthauza kuti pali wodziwa kuphunzitsa mwana wanu, funsani kuti mphunzitsi wake ndi uti ndipo mumuone ndi maso musanalipire fizi. Pena chithandizo chenichenicho chimapezeka ku pulayimale ya boma. Kwa mwana wosamva kulinso sukulu yogonera konko ya Maryview ku Nguludi, si kutali kwenikweni ndi Zomba, koma kaya wamng'ono kwambiri ine ndimati ganizani kawiri.

Musananyamuke komwe muliko tengani kalata ya thiransifa kwa ahedi, masukulu lipoti, buku la kuchipatala, komanso mupemphe mphunzitsi wake alembe ngakhale tsamba limodzi lonena zomwe mwana amatha, zomwe zimamuvuta ndi zomwe zimamukhazika mtima pansi. Kapepala kameneko kamapulumutsa temu yathunthu. Wa khunyu mumutengere mankhwala okwanira ndipo mukangofika kamuonetseni ku Zomba Central asadukize. Wachialubino, mafuta oteteza khungu ku dzuwa aja, chipewa, mpando wakutsogolo, ndi munthu wamkulu womuperekeza popita ndi pobwera.

Ngati mungathe samukani pa holide yaikulu kuti akayambire limodzi ndi anzake mu Seputembala. Wa Sitandade 8 ndiye samalani zedi, akakhala kuti analembetsa kale mayeso a PSLCE kusukulu yakale kambiranani ndi ahedi onse awiri musanamusunthe, mwina nkwabwino atsale kwa achibale mpaka alembe. Ndipo zoti akufunika mapepala a Braille kapena a zilembo zikuluzikulu zinenedwe nthawi yolembetsa, a MANEB angakhale ali konkuno ku Zomba sangakonze zimenezo m'mawa wa tsiku la mayeso.