Mukufuna kupikisana pa mphoto za alembi zochokera kunja? Yambirani apa

Achinyamata omwe ndimakumana nawo ku laibulale ya ku City Centre amalemba nkhani zogwira mtima, koma mukawatchulira mphoto za mabungwe akunja amangoti izo n'za anzathu a ku Nigeria ndi Kenya. Ayi ndithu. Stanley Onjezani Kenani, mwana wa kuno konkuno, adafika m'gulu la omaliza pa Caine Prize, mphoto ya nkhani zazifupi za alembi a mu Africa, kawiri, mu 2008 ndi 2012.

Choyamba, dziwani mwini ndalama. Caine Prize idayamba kuperekedwa mu 2000 pokumbukira Sir Michael Caine, yemwe adali mkulu wa kampani ya Booker ku Britain, ndipo wopambana amalandira mapaundi 10,000. Miles Morland Foundation ndi ya munthu wabizinesi wa ku Britain komweko. Iyo imapatsa mlembi ndalama mwezi ndi mwezi kuti akhale pansi alembe buku. Mabungwe otere ali ndi zomwe amakhulupirira: ufulu wa munthu payekha, ufulu wolankhula, kusasiyanitsa pakati pa amayi ndi abambo. Sabisa. Werengani nkhani zomwe zidapambana m'mbuyomu kuti mulowe m'bwalo mukudziwa ng'oma yake.

Chachiwiri, malamulo muwawerenge ngati kalata ya malo. Ku Caine amafuna nkhani yosindikizidwa kale, ya mawu 3,000 mpaka 10,000, ndipo wotumiza ndi wosindikiza, osati inu. Ngati simunasindikizepo, yesani Commonwealth Short Story Prize. Iyi si ya munthu, ndi ya bungwe la maiko a Commonwealth: kulowa n'kwaulere, nkhani ikhale yosasindikizidwa, mawu 2,000 mpaka 5,000, ndipo amatseka pa 1 Novembala.

Chachitatu ndicho chimandikhudza kwambiri. Musapinde nkhani yanu kuti musangalatse oweruza. Mtsikana wina adandionetsa nkhani ya agogo ake ogulitsa mandasi pa depoti, momwe amawerengera makobidi pa mpango, momwe amakalipira akabaza oima kutsogolo kwa beseni lawo. Patapita sabata adabwera nayo atathiramo njala, ufiti ndi mzungu wodzawapulumutsa, ati ndizo amakonda akunja. Agogo aja adasowamo. Ndidamupempha abwerere ku yoyamba ija. Ngati nkhani ya ufulu wa amayi ikukuwawani mumtima, ilembeni ndi mphamvu zonse. Ngati sikukuwawani, owerenga adzazindikira msanga.

Mukamaganiza m'Chichewa, lembani kaye m'Chichewa, kenako mumasulire m'Chingerezi. Mphoto ya Commonwealth imalandira nkhani zomasuliridwa. Mupatse mnzanu wosanyengerera awerenge mokweza inu mukumvetsera.

Potumiza musadikire tsiku lomaliza, magetsi ndi bandulo sizidalirika. Lowani pa tsamba lenileni la bungwelo, osati pa linki yongozungulira pa WhatsApp. Wina akakuuzani kuti mwapambana koma mutumize kaye ndalama pa foni, ameneyo ndi wakuba, musamuyankhe.