Mmene ndinakonzera maumboni a milandu mu Zotero

Polemba lipoti la milandu ya malo yomwe Khoti Lalikulu linaweruza kuno ku Mzuzu, ndinaona kuti maumboni a m'munsi mwa tsamba (mawu otchula gwero la mlandu uliwonse, omwe ndinkaika kudzera mu Zotero, pulogalamu yosungira ndi kutchulira magwero) akungoonetsa adiresi ya pa intaneti, osatchula khoti kapena nambala ya mlandu. Kusankha kalembedwe ka OSCOLA (kotchulira magwero pa nkhani za malamulo) sikunathandize, kukonza pamanja mu Word nakonso kunangowononga nthawi.

Gwero la vutoli linali lakuti zigamulo zomwe ndinatenga pa MalawiLII, webusaiti yosunga zigamulo za makhoti a ku Malawi, zinasungidwa mu Zotero ngati Web Page. Ndinasintha chilichonse kukhala Case, chifukwa mtundu umenewu ndiwo uli ndi malo olembamo dzina la mlandu, khoti, tsiku la chigamulo ndi Docket Number (nambala ya mlandu), ndipo popanda zimenezi OSCOLA alibe chogwirira ntchito. Nditadzaza malowa mosamala, ndinadina batani la Zotero la Refresh mu Word, maumboni onse n'kutuluka bwino. Zotero ndi yaulere, ndinangogula bandulo basi.