Mwakakamira pa Mario 4-4? Chitani izi

Achimwene a ku Luchenza mwati pa Super Mario Bros ya 1985 ija, nyumba ya 4-4, gawo lomaliza la dziko lachinayi mu gemuyi, ikungokubwezani pomwepo. Si kuti gemu yafa ayi, ndi msampha dala. Choyamba tengani kope, muzilemba njira iliyonse mwadutsa, ya pamwamba kapena ya pansi, ikakubwezani ikani X. Kenako yesani ina, osathamanga, nthawi imakwana. Mukafa mpaka Game Over musakhumudwe, gwirani batani la A osalisiya kenako dinani Start, muyambira pa 4-1 osati pa 1-1, ife tinazidziwa mochedwa titavutika chaka chathunthu ku Chitakale kkkk. Zikakanikabe mpatseni mwana wa neba padi yosewerera ija, inu muzingoyang'ana, woonera amaona zambiri. Koma magetsi akathima basi, sevu kulibe, gemuyi sisunga pomwe munafika, mwayambiranso.