Kuchokera ku Kasungu kukagona m'mudzi wa asodzi ku Nkhotakota

Ambiri a ife kuno ku Kasungu nyanja timaidziwira pa mulu wa usipa wa pamsika. Nanenso ndinali choncho mpaka pamene achimwene anga anapita chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Chia, kumwera kwa boma la Nkhotakota. Chiyambire nthawi imeneyo ndimapitako chaka chilichonse ndikagulitsa fodya. Amene mukufuna kupita, ndikukupemphani chinthu chimodzi: musapite lero n'kubwerera lero lomwelo. Kagoneni masiku awiri.

Yambani ndi kusankha mwezi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumawomba mwera, nyanja imakalipa, asodzi ambiri amakokera mabwato kumtunda ndipo nsomba zimadula. Ine ndimakonda Seputembala, madzi atadekha, kutentha kusanafike poipa.

Lawirirani m'mamawa, mukwere galimoto yodzera msewu wa M18, wodutsa pa Malomo n'kukalowa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota. M'nkhalangomo musatsike mwachisawawa. Muli njovu, ndipo zina mwa izo ndi zija anazisamutsa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete m'zaka za 2016 ndi 2017. Mulinso kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera, choncho valani malaya a manja aatali. M'chikwama muikemo neti ya udzudzu. Amayi musaiwale chitenje.

Mukafika pa boma, musathamangire kumudzi. Funsani njira ya ku mishoni ya Anglican, mukaone mtengo wa mkuyu umene David Livingstone anakhala pansi pake pokambirana ndi Jumbe, mfumu ya Chiswahili ya ku Nkhotakota, m'ma 1860, pomupempha kuti aleke malonda a akapolo. Jumbe sanaleke. Tchalitchi cha All Saints chili pomwepo, ndipo m'menemo ndi momwe anaika Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895. Kenaka tsetserekani kugombe. Pamenepa ine ndimaima nthawi yaitali osayankhula. Anthu ogwidwa kumtunda, kuphatikizapo mbali yathu ino, ankawasonkhanitsa pano, kuwakweza m'zombo za matanga, kuwaolotsa nyanja, kenaka ulendo wapansi mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja yamchere ku Tanzania. Msewu umene mwabwera nawo mutakhala pampando, ena anayenda mtunda wonga womwewo ali m'magoli. Ngati mwatenga ana, auzeni zimenezi ali pamchengapo, mapazi ali m'madzi. Amamva kusiyana ndi m'kalasi.

Nthawi ya a Jumbe inasiyanso zina zimene mudzaziona ndi maso: mizikiti, mitengo ya kokonati, ndi mpunga umene anthu akuno amalima m'madambo mpaka lero.

Kumudzi, choyamba ndi kukaonekera kwa a nyakwawa. Amene akukusungani ndi amene akuperekezeni. Tengani kapaketi ka shuga kapena mchere, khalani pansi, dikirani akulonjereni, kenaka nenani kumene mwachokera ndi chimene mwadzera. Ine ndinkanyamula nsinjiro ndi mtedza wa kwathu, ndipo apongozi a achimwene ankakondwera nazo kuposa za m'golosale. Ambiri m'midzi imeneyi ndi Asilamu. Musalowe pakhomo pawo ndi nyama ya nkhumba kapena mowa, ndipo Lachisanu masana musakonze zoti wina akuperekezeni kwinakwake, ndi nthawi ya mapemphero. Foni yanu isajambule munthu musanapemphe, makamaka kudooko la amayi. Amuna ali ndi posambira pawo, amayi pawo. Funsani musanavule malaya.

Funsaninso za ng'ona ndi mvuu. Pamabango ndi pamathiriro a mitsinje musasambepo, ngakhale madzi aoneke okoma bwanji. M'madzi odikha a m'mabango mumakhalanso nkhono zofalitsa likodzo. Mukabwerera kwanu n'kuona magazi mumkodzo, pitani kuchipatala msanga, mankhwala ake alipo.

Chokoma cha ulendo wonse chili usiku ndi m'bandakucha. Mwezi ukakhala mumdima, khalani pagombe muone nyali za asodzi a usipa zitandandalika panyanja ngati tauni yoyandama. Kuwalako ndi kumene kumaitana usipa kuti ulowe mu ukonde wa chilimira. Tambala woyamba akalira dzukani, mukafike kudooko mabwato asanakocheze. Mudzaona alovi, asodzi a m'mabwatomo, akutsitsa nsomba, amayi akuthamanga ndi mabeseni, ena akuyanika pathandala. Musalimbirane ndi ogula opikulitsa, imani pambali, mugule pambuyo. Ndipo musakakamire kutsitsa mtengo mpaka pansi. Munthuyo wachezera pamadzi usiku wonse, inu muli m'bulangete.

Madzulo a tsiku lachiwiri pemphani agogo a pakhomopo akufotokozereni mayina a mphepo ndi a nsomba. Ine ndinaphunzira pamenepo kusiyanitsa mwera ndi mpoto, utaka ndi chambo chaching'ono, ndiponso kuti mpasa amakwera mtsinje wa Bua kukaswana. Bua yemweyo amene timamuoloka kwathu kuno popita ku Lilongwe.

Pobwerera gulani usipa wouma bwino, wosanyowa m'mimba, muukulunge m'pepala kapena muuike m'dengu. Mu jumbo ya pulasitiki umachita thukuta musanafike n'komwe pa Malomo.