Glaze kaye, wax pambuyo

Mwafunsa kuti choyamba kupaka pagalimoto n'chiyani, glaze (mankhwala owalitsa penti) kapena wax (phula lotchinga penti), komanso siponji yake ndi iti. Glaze ndiye amayamba.

Tsukani galimoto, iume, muyiimike pamthunzi. Boneti ikatentha ndi dzuwa, glaze amauma musanamufalitse n'komwe. Ngati penti inakalika kwambiri, yambani mwaipolisha, chifukwa glaze sachotsa chilichonse: amangodzaza timizere ting'onoting'ono tija timaoneka ngati ukonde wa kangaude dzuwa likawomba pachitseko.

Tengani siponji yofewa yomalizira, osati yolimba yopalira penti. Donthezanipo timadontho tinayi ta glaze, mashini opolishira muwayendetse pang'onopang'ono osakanikiza, kachigawo kamodzi panthawi. Pukutani ndi kathaulo ka microfibre.

Kenako sinthani siponji. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amapitiriza ndi yomweyo n'kusakaniza zonse. Pakani wax wa carnauba (wochokera kumasamba a mtengo wina wa kanjedza) mopyapyala, mudikire achite mbuu, muyese ndi chala: pakasiyika mzere wowala wopanda zotsalira, pukutani.

Glaze payekha satchinga penti, amatha mukangotsuka kangapo. Ndipo ngati mukufuna sealant (mankhwala otchinga penti opakidwa m'malo mwa wax), ine ndingamusiye glaze, mafuta ake akhoza kulepheretsa sealant kugwira bwino.